Kilwa Kisiwani: kodi ndinangotaya ndalama kukaona makoma akugwa?

Wa_ku_Area25
Anzanga ndithandizeni, mwina umbuli ndi wanga. Mwezi watha ndinapita ku Dar kukatenga galimoto kudoko, mapepala anachedwa, ndiye ndinali ndi masiku 4 ongokhala. Mnzanga wina wa konko anandinyengerera kuti tipite ku Kilwa, akuti kuli linga lakalekale pachilumba, azungu amachoka kutali kudzaliona. Tinakwera basi ku Mbagala kusanache, makilomita oposa 300, kuwoloka Rufiji, kukatsikira ku Kilwa Masoko msana utauma. Mawa lake kulipira chilolezo, kulipira woperekeza, kulipira boti. Kufika pachilumbapo: makoma akugwa, mbuzi, dzuwa likuswa mtengo. Linga lakelo amati Gereza, mbali ina nyanja inadya. Ndinajambula zithunzi zingapo n'kubwerera. Mayi akunyumba ataona zithunzizo anangoti, "Ndalama zonse zija zathera pa bwinja ili?" Ndinasowa chonena. Amene munafikako, ndinaphonya chiyani?

Nachisale265
Mwaphonya mbuzi zina achimwene, zinali kuseri kwa khoma 😂

MphunzitsiWopuma
Ndiyambe ndi funso: munayenda mpaka pati? Gereza ndi amene amakulonjerani mukangotsika boti, koma pa nyumba zakale za pachilumbapo iyeyo ndi mwana wadzulodzulo. Oyamba kumanga linga pamalopo anali Apwitikizi mu 1505, Francisco de Almeida atalanda mzindawo, ndipo sanakhalitse, pofika 1512 anali atanyamuka. Makoma ambiri mwajambulawo ndi a Aluya a ku Oman amene anamanganso pamwamba pa zotsala za Apwitikizi cha m'ma 1800. Kuthera pa Gereza kuli ngati kupita kuukwati n'kucheza ndi mlonda pageti mpaka anthu kubalalika.

Kilwa amene anatchuka ndi wa zaka pafupifupi 200 Almeida asanabwere. Ibn Battuta, mkulu wa ku Morocco amene anazungulira maiko ambirimbiri, anafikako mu 1331 ndipo anauika mzindawu m'gulu la mizinda yokongola kwambiri imene anaiona. Uyutu ndi munthu amene anali ataona Cairo ndi Damascus, osati wongotengeka ndi nyumba yamalata. Mfumu ya nthawiyo inali al-Hasan ibn Sulaiman, amene ankamutcha Abu al-Mawahib, kutanthauza tate wa mphatso, chifukwa cha kupatsa kwake. Nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa ndi ya mfumu imeneyi. Munafikako?

Wa_ku_Area25
Ayi aphunzitsi. Woperekezayo anatchuladi dzina limenelo, akuti ndi kamtunda. Ine ndinali nditavala nsapato zakuofesi, madzi atatha. Ndinati basi taona.

Chikondi_BT
Ndiye mwalipira nkhuku yathunthu n'kudya zipalapasiro zokha.

Nachisale265
Mlamu ali ndi mfundo ndithu.

Che_Mangochi
Ine ndinapitako ndi malume anga zaka zapitazo, ndipo chimene chinandigwira mtima si linga ayi, ndi Mzikiti Waukulu. Panja mumangoona miyala yotuwa, koma mukalowa mumapeza mizere ya zipilala, pamwamba pake timadenga tozungulira ngati miphika yovundikira, tina tikadali chilili. Kunja kukutentha chonchija, mkatimo muli kayaziyazi. Mbali yakale kwambiri ya mzikitiwo ili ndi zaka zoposa 800. Malume anavula nsapato pakhomo ngakhale kuti masiku ano anthu a pamudzipo amaswalira m'mizikiti ina, ndipo anakhala chete nthawi yaitali moti ndinayamba kuda nkhawa. Titatuluka anangoti, "Anthu amenewa ankaswali muno Apwitikizi asanadziwe n'komwe njira yobwerera kuno."

Mukadzapitanso mukagwire khoma ndi dzanja. Si njerwa, si mwala wa m'phiri. Ndi miyala yobowokabowoka ya m'nyanja, ija Aswahili amati matumbawe, ndipo laimu womangira ankamupanga pootcha miyala yomweyo. Mzinda wonse anauvuula m'nyanja.

Tiyamike_Mzuzu
Husuni Kubwa ndiye zinthu. Ili pamwamba pa phompho, nyanja ili pansi panu. Zipinda zoposa 100, bwalo lokumba pansi lokhala ndi masitepe mbali ndi mbali pomwe mfumu inkalandirira alendo, ndiye kenako dziwe losambira la ngodya 8. Dziwe losambira, anthuni, m'zaka za m'ma 1300! Ndinatsikiramo, n'louma, pansi pali timasamba ndi manyi a mbuzi za achimwenewa. Ndinakhala m'mphepete ndikuganiza kuti madzi odzaza dziwe lonseli ankatunga ndani, ankawakweza bwanji pamtunda ponsepa. Palinso masitepe osema m'thanthwe otsikira kugombe. Chodabwitsa n'chakuti akatswiri ofukula zakale amati nyumbayi sinakhalidwe nthawi yaitali, mwinanso sanaimalize n'komwe.

Chikondi_BT
Ndiye kuyamba chinyumba chachikulu n'kuchisiyira pa lintala si za Amalawi tokha.

Kambuzi_Kolusa
Ndikufunseni mwaulemu. Kachilumba kopanda mgodi, kopanda minda yoti n'kunena, ndalama zomangira zonsezi zinkachokera kuti? Penapake nkhani za oyendera malo zimakhala zokometsera kuti tilipire.

Mnyasa_wa_ku_Mbare
Zinkachokera kuno kwathu kwachiwiri, akulu. Golide wa m'dera la Great Zimbabwe ankatsikira kudoko la Sofala, kummwera kwa Beira wa lero, ndipo amene ankalamulira malonda a Sofala anali a ku Kilwa. Si nkhambakamwa: pa Great Zimbabwe penipeni anafukula kakhobidi kamkuwa ka ku Kilwa kolembedwa dzina la al-Hasan ibn Sulaiman yemweyo.

MphunzitsiWopuma
Zoona. Ndiwonjezere chifukwa chake anali Kilwa osati Mombasa kapena Mogadishu. Inu a kunyanja mumadziwa mpoto ndi mwera. Kunyanja yamchere nakonso kuli mphepo ziwiri zosinthana: kaskazi imaomba kuchokera kumpoto kuyambira cha mu Disembala, kusi imabwera kuchokera kummwera kuyambira cha mu Epulo. Zombo zamatanga za ku Arabia ndi India zinkabwera ndi ina n'kubwerera ndi inzake. Kilwa ndi cha kumapeto kwa pomwe chombo chinkatha kufika, kugulitsa nsalu, mikanda ndi mbale zadothi za ku China, n'kubwerera kwawo nyengo yomweyo. Ukapitirira mpaka ku Sofala mphepo inkakusiya, n'kugona chaka. Choncho a ku Kilwa anakhala ngati mavenda a pakati: zombo zawo zimakatenga golide ndi minyanga kummwera, alendo amadikira pa Kilwa, mfumu imadula msonkho uku ndi uku. Munda wawo unali umenewo.

Kambuzi_Kolusa
Chabwino, pamenepo ndamva. Madobadoba a m'nyanja.

Mwana_wa_Linga
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndalephera kupirira. Mukuyamikira madziwe osambira ndi timadenga tokongola ngati kuti dzina loti Kilwa kwa ife ndi dzina la holide. Ine ndine wa ku Nkhotakota. Agogo anga aakazi ankatchula Kilwa akafuna kunena malo amene munthu akapita sabwerako. Jumbe, Salim bin Abdullah, anakhazikika kwathu cha m'ma 1840, ankasonkhanitsa anthu, kuwaolotsa nyanja pa zombo, kutsidyako n'kuwayendetsa pansi miyezi, magoli m'khosi, minyanga pamutu, mpaka ku Kilwa. Livingstone analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera m'dera la nyanja yathu ankadutsa pa kasitomu ya Zanzibar chaka chilichonse. Amenewotu ndi amene anafika amoyo. Ndiye munthu ukalipire ndalama kuti ukajambulitse ukumwetulira pakhoma pamenepo?

Tiyamike_Mzuzu
Pepani achemwali, sindinaganize mbali imeneyo polemba.

MphunzitsiWopuma
Mayi, ululu wanuwo ndi woona ndipo palibe angautsutse. Koma tisiyanitse, chifukwa a Kilwa alipo atatu. Kilwa Masoko ndi tawuni yatsopano yomwe basi imathera. Kilwa Kisiwani ndi chilumba cha mabwinjachi. Kilwa Kivinje ili kumtunda, kumpoto kwa Masoko, ndipo imeneyi ndiyo inali doko lalikulu la akapolo m'zaka za m'ma 1800, nthawi ya Jumbe ndi mafumu a Chiyao monga Mataka ndi Makanjira. Pamene anthu a kwanu ankayendetsedwa m'magoli, chilumbachi chinali chitazilala kale. Husuni Kubwa anamangidwa zaka 500 Jumbe asanaponde pa Nkhotakota.

Mwana_wa_Linga
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, musachichape chilumbacho. Mu 1776 mfumu ya pa Kisiwani pomwepo, Hasan bin Ibrahim, inasainirana pangano ndi Mfalansa wina dzina lake Morice loti izimupatsa akapolo 1,000 chaka chilichonse, opita kuminda ya Afalansa ku Mauritius. Imeneyo si Kivinje. Ndipo nyumba yachifumu ya Makutani, ya mpanda wautali ija ili kumadzulo kwa Gereza, ndi ya nyengo yomweyo pamene mzinda unadzukanso ndi malonda a anthu ndi minyanga. Funso la a Tiyamike lija, loti madzi a m'dziwe ankatunga ndani, mukuganiza kuti anali ana a mfumu?

MphunzitsiWopuma
Mwandigwira pamenepo, ndavomera. Za Morice n'zoona, ndipo Ibn Battuta yemwe uja analembanso kuti mfumu yopatsa ija inkachita nkhondo ndi anthu a kumtunda n'kumafunkha. Mphatso ankagawazo zinali ndi eni ake. Ndinafulumira kuteteza miyala.

Komabe pa funso loti munthu apiteko kapena ayi, ine ndikuti apite, makamaka wa ku Nkhotakota. Ndinakafika ku Kivinje madzulo ena, nyumba zakale za amalonda zikugumuka, mitengo itamera m'mazenera, ana akusewera mpira pafupi ndi boma lakale la Ajeremani. Ndinaima pagombe madzi ataphwa, matope okhaokha mpaka kutali, ndikuganiza kuti munthu wobadwira ku Kasungu kapena ku Dowa, amene nyanja ankaidziwa ndi ya madzi okoma, analawa madzi awa n'kupeza ndi amchere. Zimenezo m'kalasi ndinaphunzitsa zaka zambiri, koma ndinazimva tsiku limenelo.

Mwana_wa_Linga
Mwina. Koma ndikadzapita sindidzamwetulira pa chithunzi.

Bambo_a_Dalitso
Musaiwale kuti ifenso tinakawachita zinthu kumeneko. Si paja Azimba anakaudya mzinda wonsewo? Amenewo si ankhondo a Lundu a ku Chikwawa kuno?

Nachisale265
"Tinakawachita" ndani? Inuyo mumathawa ndi galu wa aneba.

Mnyasa_wa_ku_Mbare
Nkhani ya Azimba isamaleni nayo. Amene anaifalitsa ndi wansembe wa Chipwitikizi, João dos Santos, m'buku lake la mu 1609. Iye anati cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1580 Azimba anafika pa Kilwa, munthu wina wa pachilumbapo anawaonetsa pooloka madzi akaphwa, analowa usiku n'kupha anthu masauzande, ena n'kuwadya. Kenako akuti anapitirira mpaka ku Mombasa, n'kukagonjetsedwa ku Malindi. Koma wansembeyo pa Kilwa panalibe, anangomva. Olemba mbiri ena amalumikizadi Azimba a m'chigwa cha Zambezi ndi Lundu, ena amakayika ngati gulu la ku Zambezi ndi la ku Kilwa linali limodzi. Ndipo Mpwitikizi wa nthawi imeneyo kunena kuti anthu akuda amadya anzawo, zinkamuthandiza pa zambiri.

Bambo_a_Dalitso
Ndiye mwandilanda ulemerero wa makolo.

Chikondi_BT
Ulemerero wake wodya anthu? Khalani pansi bambo.

MphunzitsiWopuma
Ngati mukufuna ulalo weniweni wa Amaravi ndi Kilwa, ulipo wolembedwa bwino. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda pansi kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa. Anadutsa m'dziko la Amaravi, anacherezedwa ndi mfumu Muzura, anaoloka Shire n'kulowera kumpoto chakummawa. Sanatsegule njira ndi chikwanje, anatsata njira imene anthu ankayendamo kale.

Tadala_Leeds
Ndilowererepo pang'ono. Chaka chatha ndinali ku Lisbon, ku nyumba yosungira zakale ya Museu Nacional de Arte Antiga. Muli chotengera Ukalistia chagolide, amati Custódia de Belém, anachimaliza mu 1506. Golide wake ndi amene Vasco da Gama anakakamiza mfumu ya Kilwa kupereka ngati msonkho mu 1502. Akatolika anzanga tinaima pamenepo tikusirira, kenako n'kuwerenga kachikwangwani. Ndiye achimwene a ku Area 25, china chimene simunachione pa Kilwa chili m'galasi ku Portugal.

Kambuzi_Kolusa
Golide wa ku Zimbabwe, wolandidwa ku Tanzania, wosungidwa ku Portugal, ndipo Mmalawi analipira tikiti kuti amuone.

Che_Mangochi
Paja dzina loti Gereza nalonso ndi la Apwitikizi. Kwawo igreja ndi tchalitchi, koma m'Chiswahili gereza ndi ndende. Mawu analowa m'tchalitchi n'kutulukira m'ndende.

Nachisale265
Ngati mmene nsapato zakuofesi za achimwene zinachokera ku sapato.

Tadala_Leeds
Ndi kalata, kuchokera ku carta. Ku Lisbon ndinkangoseka ndekha.

Bambo_a_Dalitso
Nanga mpunga wa ku Nkhotakota uja si Aswahili omwewo anabweretsa? Tizinena zabwino zomwe. Ine mpunga wa nazi ndi nsomba ndinadya ku Dar sindidzauiwala.

Mwana_wa_Linga
Mpunga tinalandira, anthu tinapereka. Muwerengere nokha ngati malonda anayenda bwino.

Kambuzi_Kolusa
Chimene chikundiwawa ine n'china. Tikukangana za mabwinja a eni ake, athu tikuwasamala? Fort Lister ili apa pakati pa Mulanje ndi Michesi, anaimanga mu 1893 kuti atseke njira ya akapolo yopita ku Quelimane. Ndani pagulu pano anafikako? Fort Mangochi ili m'phiri, makoma ake akadalipo. Ine ndinakulira ku Phalombe koma za Fort Lister ndinazimva ndili ku sekondale, kuchokera m'buku. Anzathuwa Kilwa yawo inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1981 pamodzi ndi chilumba china cha mabwinja chotchedwa Songo Mnara, nyanja itayamba kugwetsa makoma inaikidwa pa mndandanda wa malo amene ali pangozi mu 2004, anakonza, mu 2014 n'kuichotsapo. Ife tikadakhala ndi Gereza bwenzi miyala titamangira mabafa.

Tiyamike_Mzuzu
Musawayamikire kwambiri, kumenekonso miyala ina ya mabwinja inathera m'nyumba za anthu kalekale. Munthu ndi munthu. Koma zoti anakonza n'zoona, pa Gereza mumaona pomwe anatchinjiriza kuti mafunde asamadye maziko, ndipo chitseko chake chachikulu chamatabwa chosemedwa bwino chili pamalo pake.

Adimini_Gulu
Za Fort Lister tsegulani mutu wake, ndi nkhani yabwino. Pano tibwerere ku Kilwa. Pali amene anafunsa kumbali za kayendedwe, amene mukudziwa yankhani pano kuti onse apindule.

Mai_a_mapasa
Ndine ndinafunsa. Ndimapita ku Kariakoo kukaoda katundu kawiri pachaka. Ndingatenge ana a zaka 12? Ndipo boti lake ndi lotani, ine madzi ndimawaopa.

Tiyamike_Mzuzu
Atengeni mayi, msinkhu umenewo ndi wabwino. Kuoloka n'kwakufupi, chilumba mumachiona muli pa Masoko, pa boti la injini ndi mphindi zochepa, la thanga limadalira mphepo. Funsani majekete oyandamitsa musanakwere, musachite manyazi. Chilolezo mumadula ku Masoko musanaoloke, ndipo mlendo amalipira zambiri kuposa mwini dziko, ndiye musadabwe. Nyamukani m'mamawa kwambiri, yambani ndi Husuni Kubwa dzuwa lisanakwere, muzibwerera chakumudzi kudzera ku mzikiti ndi Makutani, Gereza mumalizire pomwe mukudikira boti. Madzi akumwa ambiri, zipewa, nsapato zoti zikhoza kunyowa chifukwa madzi akaphwa mumatsikira m'matope. Pachilumbapo pamakhala anthu, ndi mudzi wa Asilamu, ndiye chitenje chisasowe m'chikwama ndipo musajambule munthu musanapemphe.

Masiku: limodzi lopita, limodzi la chilumba, limodzi lobwerera. Mukakhala ndi lachinayi pitani ku Songo Mnara, koma kumeneko boti lake ndi lalitali, kwa woopa madzi ganizani kawiri.

Mwana_wa_Linga
Ndipo muwapititse ku Kivinje anawo. Galimoto zochokera ku Masoko zimapita, si patali. Asangoona dziwe la mfumu lokha.

Che_Mangochi
Woperekeza mumufunse nthano ya mmene chilumbacho chinagulidwira. Amati Ali bin al-Hasan, wochokera ku Shiraz ku Persia, anachigula kwa mfumu ya pamalopo ndi nsalu zokwanira kuzungulira chilumba chonse. Mfumuyo itaolokera kumtunda inasintha maganizo, koma inapeza mwini watsopano wakumba kale ngalande pomwe anthu ankaolokera, madzi adzaza. Ndi nthano, koma ana amaikonda.

Chikondi_BT
Wogula malo n'kumanga mpanda usiku womwewo. Ameneyo anali wa ku Lilongwe.

Wa_ku_Area25
Ndawerenga zonse kawiri. Ndabwereranso ku zithunzi zanga, pa chimodzi kumbuyo kwa mutu wanga kukuoneka timadenga tozungulira tija a Che_Mangochi anena. Ndiye kuti pa mzikitiwo ndinadutsa pakhomo, ndikufunafuna mthunzi. Mayi akunyumba ndawapatsa foni awerenge okha. Akuti ulendo wina tipitira limodzi, koma ndalama zake zichokere m'thumba langa, osati za katundu wa ku Kariakoo.

Nachisale265
Ndipo nsapato akusankhireni ndi iwowo.

Mai_a_mapasa
A Tiyamike, basi ya ku Mbagala ija matikiti amadula tsiku lomwelo kapena dzulo lake?